Jenseti ya amai inamela mawilo

Pa Ciwelu cina mwezi watha, basi imene ndinakwela m'tauni inaima pa mzele wa mamotoka mu Alick Nkhata Road, pafupi ndi paja akalipentala ndi owelda a ku Kalingalinga amayala mabedi ndi mageti ao. Kunali kotentha, aliyense ali duu, ena pa foni, ena akuwodzela. Mwadzidzidzi amai ena amene anakhala ku windo anaphulika nako kuseka. Tonse tinasuzumila. M'mbali mwa mseu, m'fumbi muja mupita anthu a pansi, munali mnyamata wamtali ngati mlongoti atakhala pa kanjinga kamoto kofika m'maondo, miyendo itapindika mpaka pafupi ndi cibwano. Kanali kulila ngati cigayo.

Kondakita anatulutsa mutu pa citseko. "Ba draiva, onani, watilanda nchito uyu! Mailo tizagona na njala."

Basi yonse inafa nazo nseko, kupatulapo ine. Mnyamata uja ni mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, ndipo injini imene inali kulila pakati pa miyendo yake ni jenseti ya amai.

Amai anagula jensetiyo mu 2024, caka ca cilala cija madzi anacepa ku Kariba, magetsi n'kumabwela pakati pa usiku monga mwamuna wocokela ku mowa. Iwo amagulitsa nkhuku zosadzula kale ndi mafiliziti, ndipo filiza ikazima tsiku lathunthu ndiye kuti mpamba wonse wanunkha. Jensetiyo inaseŵenza miyezi ingapo, kenaka mbali yake yopanga magetsi inapsa. Wokonza atachula mtengo, amai anangoti ikhale. Inakhala kuseli kwa citseko ca kukhichini, pamwamba pake tikuikapo beseni.

Anyamata ogula masikilapu aja amayenda ndi wilibala m'komboni anaifunsa kawili. Ulendo wacitatu amai anali pafupi kuvomela, koma mlongo wanga anawagwila mwendo. Iye anali atatsiliza Giledi 12, ndalama ya koleji palibe, ndipo masiku ake anali kuthela pa shedi ya amalume, amene amawelda mafelemu a zitseko ndi mabagla baa. Anawauza amai kuti cakufa ni mbali ya magetsi cabe, injini ikali yamoyo. Amai anamva ngati akuti adzaikonza. Iye sanawaongole.

Tunjinga twamoto tung'ono-tung'ono utu si twacilendo pa dziko, ngakhale kuti kuno timatuona mwa apo ndi apo. Ku America tunayamba m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu okonda tumotoka twa mpikisano anayamba kutenga mainjini a makina ochechela kapinga, monga a Briggs & Stratton, n'kuwamangilila pa mafelemu a mapaipi amene anawelda okha m'magalaji a pa nyumba. Pofika m'ma 1960 makampani anali atayamba kutupanga n'kumagulitsa. Ku Japan nkhani yake inayambila pa malo oseŵelela ana: mu 1961 kampani ya Honda inapanga kanjinga kochedwa Z100 kuti alendo azikwela pa paki yake ya Tama Tech ku Tokyo. Munthu wamkulu akakhalapo anali kuoneka ngati pusi, ndipo dzina lakuti Monkey linamamatila mpaka lelo. Conco amai aja a ku windo sanali oyamba kuseka.

Njila ziwilizo zikalipo. Pali omanga, amene amayamba ndi injini iliyonse imene apeza, ndipo pali oukitsa, amene amafunafuna kakale kofa kuti akabwezele mmene kanacokela ku fakitale. Pa shedi ya amalume ndinapeza zonse ziwili, ndipo sizimvana kwenikweni.

Tiyambe ndi ya mlongo wanga. Injini ya m'majenseti ang'ono ambili amene ali m'nyumba zathu ni ya ku China yotengela Honda GX160 kapena GX200, ya 163cc kapena 196cc, ya silinda imodzi, yolizila cingwe. Ni mtundu womwewo umene uli pa mapampu a madzi a alimi a ndiwo. Ni yolimba, ndipo zipangizo zake sizisoŵa m'tauni. Koma vuto loyamba linaonekela tsiku lomwe anaimasula. Shafuti ya injini ya jenseti imapita icepa kunsonga ngati kaloti, cifukwa inapangidwa kuti iloŵe m'cimutu ca magetsi cija. Kilachi ya kanjinga imafuna shafuti yoongoka, yokhala ndi kamsewu koikamo kiyi. Anzake anamuuza kuti angoweldela kilachi pomwepo. Amalume anati aliyense wocita zimenezo pa shedi pao acoke ndi katundu wake. Panapita milungu itatu mnyamata akuzungulila kwa okonza mainjini, mpaka anapeza injini ina yakufa ya mtundu womwewo imene kale inali kuzungulutsa lamba pa makina ena. Anagula kilankishafuti yake pamodzi ndi civundikilo ca m'mbali, nasinthanitsa.

Vuto laciwili linali lakuti jenseti siidziŵa kuthamanga ndi kucepetsa. Inaikidwa kuti izizungulila pa liwilo limodzi, maulendo 3,000 pa mphindi, kuti magetsi atuluke pa 50Hz monga a m'nyumba. Panafunika kuikapo waya wocokela ku handulo kupita ku kamkono ka gavana, ndi sipuling'i yobweza kuti ukasiya handulo injini itsike yokha. Sipuling'iyo anaicotsa ku bedi yakale. Ndinaiona ndi maso anga.

Felemu inacokela ku zidutswa za mapaipi zotsala pa mageti a anthu. Mpando ni thabwa, siponji ya matilesi ndi cikopa ca sofa yakutha. Kilachi ndiyo inavuta kupeza, mpaka amai ena a pa neba amene amapita kukaoda katundu ku Johannesburg anabwela nayo m'cikwama ca nsapato. Kilachi imeneyi ilibe giya, ilibe cogwila ku dzanja. Mkati mwake muli tunsapato tumene tumatambasuka injini ikakwela liwilo, n'kugwila m'mbale yakunja imene imakoka cheni. Ukatsitsa moto, tumabwelela, njinga n'kuima injini ikali kulila. Ndiye cifukwa cake ngakhale mwana amatha kuiyendetsa, ndipo ndiye cifukwa cake imaopsa. Kuipa kwake kwina, siifuna kuyenda pang'ono-pang'ono. Ukamakwawa nayo monga basi ya pa Great East Road nthawi ya 17 koloko, tunsapato tuja tumangotelela, kutentha, mpaka mbale isanduka yabuluu.

Madzulo ena ndinam'peza akulemba masamu pa khoma la shedi ndi coko, munthu amene ku sukulu masamu anali kum'dwalitsa mutu. Sipuloketi ya pa kilachi ili ndi mano 10, ya kumbuyo 60, ndiye kuti injini ikazungulila kasanu ndi kamodzi, wilo yazungulila kamodzi. Gavana akailola kufika 3,600 pa mphindi, wilo izungulila ka 600. Anayeza tayala ndi cingwe napeza kuti kuzungulila kamodzi ni mita imodzi ndi kota. Ndiye mamita 750 pa mphindi, makilomita 45 pa ola. Anandiyang'ana monyada.

Ndinam'funsa kuti, "Nanga poima?"

"Ba sisi, mabuleki ni vinthu ving'ono. Tizaona."

Makilomita 45 pa ola samveka ambili kwa ife a m'mabasi, amene madraiva ena amatiulutsa mu Kafue Road ngati tanyamula odwala. Koma ganizilani liwilo limenelo pa mawilo a wilibala, amene mabelingi ake anapangidwila munthu wokankha mcenga, ndi mabuleki a njinga yopalasa, tumalabala tuwili tofinya nsimbi. Izi ndizo anaikako poyamba, cifukwa ndalama yonse inali itathela ku kilachi.

Pa Sondo lina masana, anthu atabwela ku machalichi, anakatulutsa m'kanjila ka kumbuyo kwa nyumba. Ana a m'komboni yonse anali pambuyo pake. Ulendo woyamba ndi waciwili zinayenda. Ulendo wacitatu kamtsikana ka zaka ngati zisanu kanatuluka pa geti ina katanyamula cigubu ca madzi. Anafinya mabuleki, tumalabala tunangolila, njinga osaima. Anakhotetsa n'kukagwela mu ngalande. Kamwanako sikanakhudzidwe, cigubu cokha ndico cinagwa. Iye anasupuka mkono kucokela pa cigongono mpaka pa dzanja, ndipo paipi ya utsi, imene inalibe cochinga, inam'dinda pa katumba cilonda cimene cinatenga mwezi ndi hafu kupola. Kumutu kunalibe helemeti. Mutu unaphonya m'mphepete mwa konkili ndi zala zinai cabe, ndipo ndikamakumbukila zimenezi m'mimba mumanditentha.

Amai ake a mwana uja anabwela kunyumba madzulo. Sanakweze mau, ndipo zikanakhala bwino akanakweza. Anangofunsa amai kuti cikhala kuti mwana wao wagundidwa, tikanakamba zotani. Ndi tsiku lomwelo amai anadziŵa kumene jenseti yao inapita. Anakhala pa mpando nthawi yaitali osakamba kanthu, kenaka anatuma mwana kukaitana amalume.

Ine ndinali kumbali ya amai, ndipo pa nkhani ya mseu ndikali komweko. Lamulo la pa mseu, Road Traffic Act ya 2002, imene a RTSA amayang'anila, silisiyanitsa kuti cinthu ni cacing'ono kapena cokongola. Cokhala ndi injini cikaloŵa pa mseu wa boma cifunika kulembetsedwa, cikhale ndi nambala, msonkho wa mseu ndi inshuwalansi, woyendetsa akhale ndi laisensi ya njinga yamoto, ndipo avale helemeti. Kanjinga koweldedwa ku Kalingalinga kalibe nambala ya chasisi, kalibe white book, kalibe malaiti kapena maindiketa. Kakagunda munthu, palibe kampani idzalipila cipatala, zonse zidzagwela pa filiza ya amai. Ndipo inu amene mumakhala ku mpando wa kutsogolo mudziŵa kuti draiva wa Rosa sangaone cinthu cofika m'maondo cili pafupi ndi tayala lake.

Mlandu unatha motele. Amai anati jenseti ni nkhongole, adzabweza yonse. Amalume anati njinga izikhala pa shedi yomangidwa ndi loko, makiyi ali m'thumba mwao, ndipo siidzalilanso kufikila itakhala ndi mabuleki eni-eni. Anapeza mawilo a sikuta yakufa, okhala ndi mabuleki a dilamu mkati, naika cochinga pa cheni ndi pa paipi ya utsi, ndiponso kaswichi kozimitsila injini pa handulo pomwe pali cala. Helemeti anagula ya salaula, ngakhale kuti ine siniikhulupilila kwenikweni, popeza helemeti imene inamenyekapo kale imatha kuoneka yabwino kunja mkati itafooka. Pali cinthu cina cimene amalume anakanilatu. Anyamata amakonda kucotsa gavana kuti injini ithamange kopitilila. Iwo anam'gwilitsa mphwao fulaiwilo m'manja, cinsimbi colemela cija ca kumbali yolizila, namuuza kuti cinapangidwila liwilo la gavana, ndipo cikasweka cikuzungulila mopitilila, zidutswa zake zimatulukila pomwe pali akakolo ako.

Malo oyendetsela anagwilizana kuti ni pa bwalo lina la fumbi kumapeto kwa komboni, m'mamaŵa ana asanayambe bola. Tsono tsiku lija ndinamuona ndili m'basi anali ataba mpata, amalume atapita kukapeleka geti kwa kasitomala. Ndinatsika pa siteshoni yotsatila n'kukam'nenela. Sanandikambitse masiku anai.

Manje ya amalume. Kuseli kwa shedi kuli kacipinda kosungilamo nsimbi, ndipo pansi pa masaka munali cinthu cimene ine kuyambila ubwana ndinali kuciyesa cidole. Ni Honda Monkey yeni-yeni, Z50, ya 49cc. Amalume anaipata m'zaka za m'ma 1980 ali mnyamata, kwa bwana wina amene anali kum'seŵenzela pa famu, pamene anali kubwelela kwao. Inali ya ana a bwanayo. Mahandulo ake amapindika pansi ukamasula tumagudumu tuwili, kuti iloŵe m'buti ya motoka. Injini yake ni yogona, ya banja limodzi ndi ya Super Cub, njinga imene Honda inayamba kupanga mu 1958 ndipo pofika 2017 inali itapanga zopitilila 100 miliyoni. Kwathu kum'maŵa mpaka lelo njinga yamoto iliyonse, kaya ni ya ku India kaya ya ku China, anthu amangoti honda. Monkey ya 50cc analeka kuipanga mu 2017 pomwemo, ndipo caka cotsatila anatulutsa ina yokulilapo ya 125cc. Ndiye kuti zakale zija sizidzaculukanso, ndipo kunja kuli anthu amene amazisakasaka.

Ya amalume inaleka kulila ine ndisanabadwe. Ngozi ya mphwao ndiyo inawacititsa kuifukula, kuti mnyamata aone mmene anthu amene anali kudziŵa nchito anapangila cinthu ca msinkhu womwewo: mabuleki kutsogolo ndi kumbuyo, cochinga pa paipi ya utsi, ciliconse pa malo pake.

Kuukitsa ni nchito ya munthu wosafulumila. Thanki inali ndi nguwe mkati, anathilamo viniga ndi tumanati n'kumaikhuchumula madzulo alionse kwa sabata. Kabuleta anaimasula pa thaulo yoyela, tuzipangizo tonse n'kutuika m'cibekete ca palafini, tumabowo twake akutubooleza ndi kawaya kamodzi ka m'kebo ya mabuleki. Mawaya a magetsi, amene ni a 6 volts, makoswe anadya. Koma cacikulu, pisitoni inagwila. Zaka zonse zija cinyontho cinaloŵa m'silinda, ndipo kiki ukaiponda inali ngati waponda mwala. Mankhwala ake ni kucotsa pulagi, kuthila dizilo wosakaniza ndi oilo pa bowo, n'kudikila. Ukakakamiza ndi hamala waswa zinthu zimene mu Lusaka simungazipeze pa shelefu.

Apa ndipo anasiyana maganizo. Mainjini a ku China a 110cc, ogona aja ali pa tunjinga twambili twochipa, anatengela kamangidwe ka Honda kotelo kuti amakwana pa felemu ya Monkey popanda kuvutika kwambili. Mlongo wanga anati agule imodzi yakale, pa Ciwelu aimange, pa Sondo njinga iyende, ndiponso izithamanga kuposa kale. Amalume anamuyang'ana ngati wanena kuti agulitse manda a agogo.

"Iwe ufuna kuyenda. Ine nifuna imve mau yake yakale," anatelo.

Ndinaganiza kuti ni nkhani ya okalamba cabe, kufikila tsiku limene bambo wina wa motoka yaikulu anabwela kudzaodetsa geti. Anaona felemu itatsamila khoma, naiŵala za geti. Anagwada m'fumbi ndi thalauzi yake yabwino kuŵelenga nambala ya pa felemu ndi ya pa injini, nafunsa ngati injiniyo ni yomwe inabwela nayo. Atamva kuti inde, anachula mtengo. Sindidzaulemba pano, kuopa kuti mbala nazonso zimakwela mabasi, koma ni ndalama yokwana kubweza jenseti ya amai ndi kulipilila mnyamata caka coyamba ca umakanika pa koleji ya zaumisili ya pansi pa TEVETA. Anasiya nambala ya foni pa kapepala.

Kapepalako kali m'thumba la ovolosi ya amalume mwezi waciwili tsopano. Amai akudziŵa, ndipo sanakambepo kanthu kwa mlongo wao, zimene kwa amai ni kukamba kwakukulu. Ine ndinawafunsa amalume maso ndi maso. Anati sanakane, koma sangagulitse cinthu cakufa, ayambe aimva ikulila, ndipo afuna kuti woiliza akhale mphwao ndi manja ake. Kaya ni nzelu ya mphunzitsi kaya ni kucedwetsa cabe kuti asasiyane nayo, ndinalephela kuwaŵelenga pa nkhope. Mwina iwonso sadziŵa. Cimene cinandidabwitsa ni mnyamata mwini wake, amene sukulu ikumuyembekezela pa kapepalako: iye ndiye safuna kuti igulitsidwe.

Pakali pano nkhongole ikutha pang'ono-pang'ono mwa njila ina. Mbili inamveka m'komboni kuti mwana wa amai a nkhuku anayendetsa jenseti, ndipo anthu anayamba kum'bweletsela zao zakufa. Zambili ni kabuleta yotsekeka ndi petulo wogonela miyezi, nchito ya ola limodzi. Anyamata a njinga zopeleka vakudya ndi maphasulo, amene aculuka m'tauni masiku ano, naonso amaima pa shedi kuti awakokele cheni kapena kusintha mabuleki. Pa Cisanu paliponse amapeleka kwa amai zimene wapeza, iwo n'kulemba m'kabuku komwe amalembamo a nkhongole za nkhuku.

Ndisaname, ndinakakwelako kamodzi. Kunali m'mamaŵa pa bwalo lija, nditavala helemeti ya salaula yonunkha thukuta la munthu wosam'dziŵa. Uli pafupi ndi nthaka kotelo kuti liwilo la munthu wothamanga limamveka ngati ndeke, mwala uliwonse umaumva m'msana, ndipo mano amangogundana. Ndinazungulila kawili. Ndinatsika ndikuseka ngati amai aja a ku windo, miyendo ikunjenjemela, ndipo siketi yanga inanunkha utsi mpaka ku ofesi.

Pa Sondo lapitali ndinapita ku shedi kukatenga makiyi a kunyumba. Ndinawapeza aŵili onse atagwada pa saka, injini ya Monkey ili pakati pao, amalume atagwila sipanala pa nati ya fulaiwilo, mnyamata akuthila dizilo pa bowo la pulagi ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso. Unali mlungu wacisanu ndi ciwili akucita zomwezo. Amalume anakankha pang'ono kutsogolo, pang'ono kumbuyo, monga amacitila masiku onse. Panamveka kuti tswii, ndipo sipanala inasuntha mwina utali wa cikhadabo. Dizilo wakuda anatuluka pa bowo n'kuyendelela pa saka.

"Amalume, yayenda!"

"Usaigwile. Thila futi, tizabwela pa Citatu."